Timaphukusi Tisanu ndi Tiwiri mu Sokosi za Achimwene

Ine, Alima Twaibu, wa zaka 34, wochokera m'mudzi mwa Mbalaka, mfumu yaikulu Nyambi, boma la Machinga ku Malawi, ndimagwira ntchito yosamala gogo wina wachizungu ku Fish Hoek ndipo ndimagona pantchito pomwepo. Lero ndi Lolemba pa 20 Meyi 2024, nthawi yangopitirira 1 koloko masana. Ndikulankhula m'Chichewa, a Lwitiko omasulira ndi amene akulemba, a sajeni ali pomwepa akumvetsera.

Palibe anandiitana, ndabwera ndekha. Ndabwera chifukwa cha achimwene anga a Ramazani Twaibu, amene ali m'chitokosi muno kuyambira dzulo, komanso chifukwa cha timaphukusi tisanu ndi tiwiri ta ufa tomwe munawapeza nato mu sokosi. Timaphukusito ndinamanga ndine. Ufa uli m'menemo ndi chakudya cha mwana wanga cha sabata ino.

Mwanayo dzina lake ndi Zakiyya, ali ndi zaka ziwiri ndi miyezi itatu. Bambo ake anapita ku Joni iye ali ndi miyezi isanu ndi umodzi, ndipo nambala yawo inasiya kulowa. Kuntchito kwanga salola mwana, choncho Zakiyya amakhala ku Khayelitsha, ku Site C, kwa achimwene ndi akazi awo a Khadijah, m'kanyumba ka malata ka zipinda ziwiri. Iwo ali ndi ana awo atatu. Achimwene amasenza matumba a mbatata ndi anyezi ku msika wa Epping, chaka chino ndi chachisanu ndi chimodzi, ndipo pakhomo la polisi anali asanapondepo.

Mwezi wa Febuluwale Zakiyya anatsegula m'mimba masabata awiri. Atachira anayamba kukana chakudya, manja ake anasanduka ngati timitengo. Lachinayi pa 7 Malichi ndinapempha tsiku kuntchito, ndinapita naye ku kiliniki ya kufupi ndi kwa achimwene. Pa sikelo analemera makilo 8.9. Anesi anamukulunga tepi pamkono ndipo inaima pachikasu. Zonsezi zili m'kabuku ka kusikelo komwe ndaika patebulo apa, tsamba lopindidwa ngodya.

Kwathu mwana akafika pamenepo amapatsidwa chiponde. Kuno anandipatsa zitini ziwiri za ufa woyera moderako, wonunkhira ngati bisiketi, muli kasipuni kake kapulasitiki. Anesi anandiuza m'Chingerezi, ndipo Chingerezi cha pantchito ndimachimva, kuti ndizithira timasipuni tinayi m'phala la mwana tsiku lililonse, tosalaza osati todzaza. Mawu awa ndikuwakumbukira bwino chifukwa anawabwereza kawiri: "Zitini izi zifike tsiku lomwe ndalembali. Zikatha msanga musabwere, sindikupatsani zina." Tsikulo linali pa 4 Epulo, kutanthauza masiku 28.

Zitini zonse ziwiri ndinazisiya m'manja mwa alamu anga a Khadijah, ndinawafotokozera zomwe anesi ananena, ndinabwerera kuntchito. Lamulungu pa 24 Malichi, tsiku la 17, alamu anandiimbira foni kuti ufa watha.

Loweruka lotsatira ndinapitako. Sindinachite kufufuza kwambiri, ana anandiuza okha ndisanavule nsapato. Alamu amatunga kasipuni kodzaza ngati chulu, poganiza kuti mwana anenepa msanga. Ana awo atatu akamva fungo amazungulira mbale ya Zakiyya, ndiye amawathirirako pang'ono aliyense. Wamng'ono, wa zaka zinayi, anaphunzira kutsegula chitini yekha n'kumanyambita. Ndinamvanso kuti ufawo unalowapo mu tiyi wa achimwene kawiri, ngakhale iwo amati anangolawa. A sajeni akuti za mumtima sizilembedwa m'mapepala ngati awa, koma a Lwitiko lembani ndithu kuti ndinakwiya kwambiri.

Ndinawafunsa alamu chifukwa chake. Anandiyankha ali chiimire pakhomo kuti, "Alamu, mwana mmodzi azidya zonunkhira atatu akumuyang'ana pakamwa? Nyumba yake itiyo?" Mwana wanga amamusambitsa ndi iwo, amagona naye ndi iwo, ndipo zomwe ananenazo sizinali zabodza. Koma chitini chinali chopanda kanthu, kutatsala masiku asanu kuti tipite ku sikelo.

Pa 4 Epulo Zakiyya analemeranso makilo 8.9 omwe aja, tepi ikadali pachikasu. Anesi anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, kenako anandifunsa pamaso pa amayi ena ngati ndinagulitsa ufawo. Ndinachita manyazi kwambiri. Ndinanena zoona, kuti unatha pa tsiku la 17. Anandipatsa zitini zina ziwiri, n'kunena kuti mwanayu akapanda kukwera amugoneka m'chipatala ndi kumudyetsera konko. Mwana wa zaka ziwiri sagona m'chipatala yekha, amafuna mayi ake pambali, ndipo gogo amene ndimawasamala sangakhale tsiku limodzi opanda munthu. Ndinaona kuti ndikasewera nditaya zonse ziwiri, thanzi la mwana ndi ntchito yomwe imamudyetsa. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Pochoka ku kiliniki ndinalowa mu shopu ya Msomali pakona, ndinagula mpukutu wa timajumbo tating'ono, toonekera mkati, tomwe ena amathiramo madzi a shuga oumitsa. Apa ndifotokoze za manja angawa, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepo. Kuyambira ndili ndi zaka 12 mpaka 24 ndinkagulitsa ndi mayi anga pa msika wa Ntaja. Tinkagula thumba la mchere, soda, shuga ndi chigubu cha mafuta, n'kumamanga timaphukusi ting'onoting'ono ta munthu wofuna zophikira tsiku limodzi. Kwathu mayi aliyense wa pamsika amachita zimenezo, ndipo aliyense ali ndi kamangidwe kake. Ine ndinkamanga mazana awiri m'mawa umodzi osataya ngakhale kambewu ka mchere.

Tsiku limenelo, cha m'ma 2 koloko masana, ndinayala nsalu yoyera patebulo la alamu. Ndinadula khosi la botolo la madzi kuti likhale pothirira. Kajumbo kalikonse ndinathiramo timasipuni tinayi, kasipuni kalikonse ndikusalaza ndi msana wa mpeni wa buledi. Ndikatero ndimafinya mpweya wonse, ndimapota pakamwa katatu, kenako ndimamanga mfundo yosolola yosiya kamchira kotalika ngati chala chaching'ono. Mukakoka kamchirako kamodzi kaphukusi kamatseguka, jumbo osang'ambika, ufa osatsalira m'makwinya. Mfundo imeneyi anandiphunzitsa ndi mayi anga. Panatuluka timaphukusi 28 ndendende, ndipo zotsalira m'mbali mwa chitini ndinazikokota ndi chala n'kumunyambititsa Zakiyya pomwepo.

Alamu anaonerera zonsezi atapinda manja. Nditamaliza anati, "Ndiye mwayamba kutiwerengera ngati akuba?" Ndinawauza kuti chimene ndikuwerenga ndi masiku a mwezi, osati anthu a m'nyumba. Sanakondwe, ndipo kuyambira tsiku limenelo foni zawo zinachepa. Komabe ndinaganizira funso lawo lija la ana atatu. Ndinayamba kutumiza nsinjiro ndi shuga pang'ono kuti phala la enawo nalonso lizinunkhira, asamazungulire mbale ya mnzawo. Zinathandiza.

Tinapangana motere. Tsiku la ku sikelo ndimasiya timaphukusi khumi kwa alamu, totsalato ndimapita nato ku Fish Hoek n'kutisunga m'chitini chake, m'kabati ya m'chipinda changa. Tikatha khumi tija, Lamulungu lililonse achimwene amabwera kudzatenga tisanu ndi tiwiri ta sabata imeneyo. Lamulungu masana mwana wamkazi wa gogo amabwera kudzacheza ndi mayi ake, ndiye ine ndimakhala ndi maola awiri. Maola awiri sakwanira kupita ku Khayelitsha ndi kubwerako, koma amakwanira kukumana ndi munthu pa benchi la pa siteshoni ya sitima, mtunda wa mphindi khumi kuchokera kuntchito kwanga.

Tsopano za sokosi. Mu Januwale chaka chino matsotsi anawalanda achimwene chikwama musitima, munali foni, bokosi la chakudya ndi jekete la kuntchito. Lamulungu loyamba, pa 14 Epulo, anabwera ndi jumbo ya m'manja kuti aikemo timaphukusi. Ine ndinakana. Ndinawauza kuti jumbo ya m'manja ndi ya aliyense wothamanga, ndipo mwana sangagone ndi njala sabata yathunthu chifukwa cha tsotsi. Ndinawauza kuti aike mu sokosi. Achimwene amavala sokosi zazitali za mpira, ndipo ndinawaseka kuti sokosi za munthu wosenza anyezi sabata yonse palibe tsotsi angalimbe mtima kuzivula. Anaseka nawo, anaika tinayi kumanzere, titatu kumanja, n'kutsitsa thalauza. Lembani momveka bwino kuti maganizo a sokosi anali anga, iwo anangomvera mlongo wawo.

A sajeni andifunsa ngati sindinkadziwa kuti timaphukusi ta ufa woyera tobisidwa mu sokosi timaoneka bwanji mumzinda uno. Yankho langa ndi lakuti ayi. Za mankhwala ozunguza bongo ndimangomva pa wailesi ya gogo, sindinawaonepo ndi maso, ndipo sindikudziwa m'mene amawamangira. Ine ndikaona kaphukusi ndimaona mchere wa ndiwo za lero. Chinthu chofunika kwathu timachimanga pa ngodya ya chitenje kapena kuchiika mu sokosi, ndipo munthu sakufunsa. Sindinawapatse achimwene pepala lililonse la ku kiliniki kapena chizindikiro cha pachitini, chifukwa sindinaganize kuti phala la mwana lingafune chiphaso. Pamenepo ndiye ndinalakwitsa, ndikuvomera. Tsoka silinunkha.

Mwezi wa Epulo ufa unafika tsiku lake. Kaphukusi komaliza Zakiyya anadya m'mawa wa Lachinayi pa 2 Meyi, tikunyamuka kupita ku sikelo. Analemera makilo 9.4 ndipo tepi inafika m'malire mwa chikasu ndi chobiriwira. Anesi omwe aja anandifunsa chimene ndasintha. Ndinatulutsa kajumbo kopanda kanthu m'thumba, ndinawaonetsa m'mene ndimamangira ndi mchenga wa panja pa kiliniki. Anaseka, anaitana mnzawo kuti adzaone, kenako anati, "Mama, chimene mukuchitacho musasiye." Anandipatsa zitini zina ziwiri n'kulemba tsiku la 30 Meyi. Ananena kuti mwana akadzafika makilo 9.8, tepi n'kulowa pobiriwira, za kuchipatala zija tiziiwale, koma akadzatsika kapena kuima pamodzimodzi amugoneka ndithu.

Masana omwewo ndinamanga timaphukusi tina 28 patebulo lomwe lija. Ulendo uno alamu ndi amene anandigwirira khosi la botolo, ngakhale sanalankhule zambiri. Ndinasiya khumi. Pa 12 Meyi achimwene anatenga tisanu ndi tiwiri mu sokosi monga mwa masiku onse, ndipo anafika bwino.

Dzulo, Lamulungu pa 19 Meyi, tinakumana pa benchi lomwe lija nthawi ya 2:10 masana. Anavala thalauza lotuwa, juzi yakuda ndi kachisoti koyera. Anandiuza kuti Zakiyya wayamba kuthamangitsa nkhuku za aneba ndipo masaya abwerera. Ndinawapatsa timaphukusi tisanu ndi tiwiri ta kuyambira lero Lolemba mpaka Lamulungu likubwerali, ndi jumbo ya nsinjiro ya ana enawo. Anawerama, anaika tinayi kumanzere, titatu kumanja. Anakwera tekisi nthawi ya 2:35. Ine ndinabwerera kuntchito, ndipo m'kabati munatsala timaphukusi tinayi ta masiku omaliza.

Lero nthawi ya 6:20 m'mawa alamu anandiimbira. Anati achimwene sanafike kunyumba ndipo foni yawo yazima. Iwo anaganiza kuti agona kwa mnzawo ku Langa kuti alawirire ku Epping, monga amachitira nthawi zina, n'chifukwa chake sanandivutitse dzulo. Anatinso aphika phala koma Zakiyya walikankha ndi dzanja, chifukwa anazolowera fungo la ufa wake ndipo phala lopanda fungolo salifuna. Ndinamumva akulira pafoni.

Nthawi ya 6:50 anandiimbira a Tumbiko, Mmalawi amene amameta tsitsi pa renki pomwe achimwene amasinthira tekisi. Nambala yanga anaipeza m'mawa uno kwa anthu akwathu. Zomwe ndinene apazi sindinazione ndi maso, ndinauzidwa ndi iwo, ndipo avomera kubwera kudzanena okha mukawafuna. Anati cha m'ma 3:30 dzulo apolisi anafika pa renkipo n'kuimika amuna onse kukhoma kuti awaseche. Achimwene sanathawe, sanakane. Wapolisi atawagwira m'miyendo anamva zofewa, anawakweza thalauza n'kutulutsa timaphukusi kamodzikamodzi. Achimwene anati ndi chakudya cha mwana. Anawafunsa pepala, analibe. Anawafunsa chifukwa chimene chakudya cha mwana chikuyendera mu sokosi, iwo anati akuopa akuba, ndipo anthu amene anali pakhoma paja anaseka. Kenako anawamanga unyolo n'kuwakweza m'galimoto. Jumbo ya nsinjiro inatsala pansi, a Tumbiko anaitola ndipo ali nayo.

Nditamva zimenezi ndinachita mantha, ndinakhala pansi m'khitchini mwa gogo. Mantha aja sanakhalitse, chifukwa ndinadziwa kuti umboni wonse uli m'kabati mwanga. Ndinaimbira mwana wa gogo, anabwera 8 koloko kudzandilandira. Ndinanyamula kabuku ka kusikelo, chitini chokhala ndi chizindikiro chake, kasipuni, khosi la botolo, timajumbo totsala, mpeni wa buledi, ndi timaphukusi tinayi tija. Ndinanyamuka 8:15.

M'tekisi ndinaganiza za koyambira, kwa mwana kapena kwa achimwene. Polisi ino, komwe a Tumbiko anati anawatengera, ili panjira yopita ku Khayelitsha. Ndinati ndingotsika, ndionetse chitini, anditulutsire achimwene ndi timaphukusi tawo, tonse tikafike kwa mwana isanakwane 11 koloko. Ndinkaona ngati ndi nkhani ya theka la ola. Ndinafika pano 9:40 ndipo mpeni ndinaupereka ndekha pakhomo kwa wapolisi wa pageti, akadali nawo.

Ndinadikira pamzere mpaka 10:25. Nditafika pa kauntala ndinatchula dzina la achimwene, ndinatsegula chikwama n'kundandalika timaphukusi tinayi patsogolo pa wapolisi amene anali pamenepo. Iye anadzuka pampando msangamsanga, anayang'ana timaphukusi, anayang'ana ine, n'kuitana a sajeni mokweza. Ndikuganiza kuti sanaonepo munthu wobweretsa yekha katundu wotere ku polisi. Ine ndinangoima, chitini chili m'manja.

A sajeni anandilowetsa m'chipinda chino n'kubweretsa jumbo yapolisi yomata, yoonekera mkati, yolembedwa nambala. M'menemo muli timaphukusi tisanu ndi tiwiri ndi sokosi ziwiri za mpira zobiriwira. Ndinawapempha kuti ayang'ane mfundo za m'jumbomo ndi mfundo za tinayi tanga. Zonse ndi zopota katatu, zonse zili ndi kamchira kofanana, kopendekera kumanzere chifukwa ine ndine wamanzere. Ndinatenga kaphukusi kamodzi mwa tanga, ndinakoka kamchira, kanatseguka. Ndinawapatsa a sajeni kuti anunkhize, kenako anunkhize m'chitini. Ndinaviika nsonga ya chala n'kunyambita iwo akuona, ndipo maola atatu adutsa, mutu wanga ukuyenda bwinobwino monga mukundimvera. Kaphukusiko ndinakamanganso pomwepo. A sajeni anatenga kajumbo kopanda kanthu kuti ayese mfundo yomweyo, anayesa katatu, inakanika. Sindikuwanyoza, ineyo inanditengera chaka.

Nthawi ya 11:30 a sajeni anaimba nambala ya kiliniki yomwe ili pachikuto cha kabuku. Ndinali pomwepo. Anesi aja anandikumbukira a sajeni asanamalize kutchula dzina la mwana, anati ndi mayi uja womanga timaphukusi. Anatsimikiza tsiku lomwe anapereka zitini ndi kulemera kwa mwana. A sajeni analemba zonse.

Atatseka foni anandiuza zinthu ziwiri. Choyamba, nkhani ya achimwene aipereka kwa abwana awo masana ano pamodzi ndi umboni wangawu, ndipo iwo akuona kuti iyenda bwino. Chachiwiri, jumbo ija inamatidwa kale ndi kulembedwa m'buku, ndiye iyenera kupita kokayezedwa, ndipo zotsatira zimatha kutenga miyezi. Ndinawafunsa ngati mwana wa makilo 9.4 angadikire miyezi. Anati lamulo silinapangidwe ndi iwo, ndipo ndikuwamvetsa.

Nthawi ya 12 koloko anandilola kuwaona achimwene kwa mphindi zisanu, pali zitsulo pakati pathu. Anali opanda sokosi, nsapato zopanda zingwe, kachisoti kali m'manja. Lero ndi tsiku loyamba kujomba ku Epping m'zaka zisanu ndi chimodzi, koma za ntchito sanazitchule, za kuzizira kwa m'chitokosi sanazitchule, ngakhale kundidzudzula chifukwa cha sokosi sanandidzudzule. Anangondifunsa kuti, "Chemwali, Zakiyya wadya phala lake?" Ine ndinati, "Wadya." Iwo anati, "Alhamdulillah," n'kukhala pansi.

Tsopano ndinene zomwe ndikupempha, ndipo zilembedwe monga ndikuzinenera.

Achimwene anga atulutsidwe. Iwo sanatunge ufa, sanamange mfundo, sanasankhe sokosi. Ngati pali wolakwa pa nkhani imeneyi ndi ine, ndipo ndili pano, dzina ndi malo a ntchito ndapereka, sindithawa.

Za timaphukusi, ndikupempha abwana aone okha. Kuyambira lero mpaka pa 30 Meyi ndi masiku khumi ndi limodzi. M'chikwama changa muli timaphukusi tinayi. M'jumbo yanu muli tisanu ndi tiwiri, tonse tochokera m'chitini chimodzi, tomangidwa tsiku limodzi ndi dzanja limodzi. Woyeza safuna tonse kuti adziwe chomwe chili m'katimo, monganso wolawa ndiwo samaliza mphika. Sungani kamodzi, sungani ndi sokosi zomwe ngati mukuzifuna, mundibwezere tisanu ndi kamodzi. Tsiku limodzi losowalo ndidziwa chochita nalo.

Zikakanika, ndipatseni kope la pepala lino lodindidwa chidindo cha polisi. Mawa m'mawa ndikaima nalo pa kiliniki. Anesi ananena kuti sapereka zitini tsiku lisanakwane, koma ananena zimenezo poopa ogulitsa ndi otunga ngati chulu, ndipo ine ndikufuna akaone kuti ufa wa mwezi uno sunagulitsidwe, sunalowe mu tiyi wa munthu, uli m'jumbo ya boma yokhala ndi nambala. Akakananso, timaphukusi tinayi ndingathe kutimasula n'kutigawa pa khumi ndi kamodzi, tonse tofanana, osataya kanthu. Luso limenelo ndili nalo. Koma ndikudziwa kuti pa 30 sikelo sidzafunsa za luso langa, idzangonena zomwe zalowa m'mimba mwa mwana.

Kumanga timaphukusi sindisiya, chifukwa ndi kumene kwamukweza mwana wanga theka la kilo m'mwezi umodzi. Chimene ndisinthe ndi mayendedwe ake. Kuyambira Lamulungu likubwerali timaphukusito tiziyenda m'chitini chake chokhala ndi chizindikiro, pamodzi ndi kope la tsamba la kusikelo, poyera, m'manja. Tsotsi akafuna alande, bola asamangitsenso munthu.

Chomaliza. A Lwitiko andikumbutsa poyamba paja kuti zonse za m'pepala lino ndikuzilumbirira, ndiye sindingasiyemo bodza. Zomwe ndinawayankha achimwene pa zitsulo paja sizinali zoona. Zakiyya sanadye. Alamu anditumizira uthenga 12:40 kuti wangomwa madzi a shuga basi, akungoloza pa shelefu pomwe pamakhala timaphukusi take. Kaphukusi ka lero kali apo, m'jumbo yanu, pafupi ndi sokosi ya kumanzere. Ndikangosaina pano ndikukwera tekisi kukamuphikira ndi kamodzi mwa tinayi tanga. Ndinawanamiza achimwene chifukwa munthu wagona pa simenti chifukwa cha mwana wanga, ndipo sindinafune kuti amve kuti wagonapo pachabe. Lembani zimenezi chifukwa ndi zoona, koma mukamawawerengera umboni wangawu, ndime imeneyi muidumphe.

Ndi zomwe ndikudziwa, ndipo zomwe sindinaone ndi maso anga ndanena amene anandiuza. Andiwerengera zonse m'Chichewa ndipo ndavomereza kuti ndi mawu anga.

Mboni: Alima Twaibu ______________________

Womasulira ndi kulemba: Lwitiko ______________________

Tsiku: 20 Meyi 2024, nthawi 2:05 masana